Buleki ya mota ikamabwereza vuto: kutchuna mpata, ndi kupeza chimene chikuukulitsa

Pali foni imene ndimaidziwa ndisanaiyankhe. Ikalira cha m'ma 2 koloko masana, mwezi wa Okutobala kapena Novembala, dzuwa la ku Moatize litafika poti sipanala yosiyidwa panja sungaitole ndi dzanja, ndimadziwiratu kuti nkhani ndi ya buleki. Mawunso amakhala omwewo: "Madala, m'mawa makina amayenda bwinobwino, koma pano mota ikungong'ung'udza osazungulira, kenako overload n'kugwa." Overload ndi kachipangizo kamene kamadula magetsi mota ikalemedwa. Ukapitako umachotsa chivundikiro cha fani, kumanga manati atatu pang'ono, makina n'kuyamba kuyenda. Eni ake amakuthokoza, mwina n'kukugulira chakumwa chozizira. Pakatha milungu itatu foni ija iliranso.

Ine ndinatha zaka ndikuchita zomwezo, ndipo ndinkadziona ngati katswiri chifukwa ndinkamaliza msanga. Kutchuna mpata wa buleki, kampata ka pakati pa zitsulo ziwiri za m'kati mwake, si ntchito yovuta, ndipo ndifotokoza mmene timachitira. Koma buleki yogwira ntchito yoyenera msinkhu wake siyenera kukuitanani mwezi uliwonse. Mpata ukamakula msanga ndiye kuti pali chimene chikudya layining'i, ija imakhuza kuti buleki igwire, ndipo kumangomanga manati osachifufuza n'kutunga madzi ndi lichero.

Chimene chili pansi pa chivundikiro

Ndikunena za buleki imene imakhala kumbuyo kwa mota, pakati pa mota ndi fani, ija timaipeza pa mahoisti (makina okwezera katundu m'mwamba), makireni, malamba okweza miyala kapena malasha, ndi makina ena oumbira mabuloko. M'mabuku a Chipwitikizi mudzaona mawu akuti travão kapena freio, mota za ku Brazil monga za WEG amazitcha motofreio, ndipo mpata umene tikukambawu amaulemba kuti entreferro. Ife pantchito timangoti folga.

Ambiri amaganiza kuti magetsi ndiwo amagwira buleki. N'zosemphana, ogwira ndi masipuling'i. Pa shafiti ya mota pali disiki yokhala ndi layining'i mbali zonse ziwiri. Imakhala pa habu ya mano, kuti izizungulira limodzi ndi shafiti koma izitha kutsetsereka pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Kumbuyo kwa disikiyo kuli mbale yachitsulo yosazungulira, ndipo kumbuyo kwa mbaleyo kuli thupi la buleki, mmene muli koilo ya waya wa kopa ndi masipuling'i. Magetsi akazima, masipuling'i amakankha mbale, mbale n'kupanikiza disiki, shafiti n'kuima. Magetsi akalowa m'koilo, thupi lija limasanduka maginito, limakoka mbale molimbana ndi masipuling'i, disiki n'kumasuka. Anazipanga choncho dala, kuti magetsi akathima mwadzidzidzi katundu asagwe.

Mpata umene timatchuna ndi uja uli pakati pa mbale ndi thupi la koilo buleki itagwira. Ndiwo mtunda umene mbale imayenda ikakokedwa, ndipo ndi waung'ono zedi. Pa mabuleki ang'onoang'ono ndi apakati umayambira pa 0.2 mm kapena 0.3 mm, pa akuluakulu 0.4 kapena 0.5. Layining'i ikamadyeka, masipuling'i amakankhira mbale patsogolo kutsatira disiki, ndiye mpata umakula wokha popanda amene waukhudza. Tsono maginito sakonda mtunda. Mpata ukawirikiza kawiri, mphamvu yokoka sitsika ndi theka lokha ayi, mwa masamu imatha kutsala pafupifupi kota.

Nanga bwanji masana, osati m'mawa? Waya wa kopa ukatentha, ma ohm ake amakwera pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Koilo imene m'mawa inali pa madigiri 25 ikafika pa 85 masana, ma ohm akwera pafupifupi ndi kota, ndipo ma amp olowamo atsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Mpata umene koilo yozizira inkaukwanitsa movutikira, yotentha imaulephera. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene kutentha kumapyola madigiri 40 mvula isanagwe, zimenezi timaziona chaka ndi chaka. Anzathu a ku Ulongué ndi ku Tsangano, kumtunda kozizira, buleki yomweyo yokhala ndi mpata womwewo imawapirira nthawi yotalikirapo, ndipo n'chifukwa chake ena amatsutsa ukawauza.

Mvetserani musanamasule

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma buleki imaimba. Yabwino imalira kamodzi, kha, nthawi yomweyo imene kontakita, swichi yoyatsa mota m'panelo, yalowa. Ikamachedwa, mota n'kuyamba yabuula kaye buleki isanalire, ndiye kuti mpata wakula kapena magetsi ofika ku koilo ndi ochepa, ndipo kawirikawiri zimakhala zonse ziwiri. Ikamalira mokweza kuposa mmene munazolowerera, mbale ikuyenda mtunda wautali. Ikapanda kulira konse, mwina mpata wapyola malire, mwina rectifier, kabokosi kodyetsa koilo magetsi, yapsa, mwina koilo yaduka, mwinanso disiki yamatirira ndi dzimbiri, makamaka makina akakhala osayenda nyengo ya mvula.

Ikalira bwino koma kumbuyo kwa mota kukutentha kuposa kutsogolo, ndi fungo ngati la kilatchi ya galimoto yopsa, buleki ikukhuza ikuyenda. Apo mpata wachepa kwambiri kapena wapendekeka.

Koma katundu akamatsetsereka mutasiya batani, musathamangire ku mpata. Mpata waukulu umachepetsa mphamvu ya masipuling'i pang'ono chabe. Kutsetsereka kumakhala kwa oyilo pa layining'i, sipuling'i yothyoka, disiki yotha, chogwirira chomasulira pamanja, kapena kalumikizidwe ka mawaya. Zimenezi tizifika.

Kuyeza

Choyamba tsitsani katundu pansi. Pa hoisti, buleki ndiyo yokha yagwira katunduyo, ndipo mukamasula mabawuti ake palibe china chomuletsa. Pa lamba wopendekeka, chotsani miyala kapena mumangirire kuti asabwerere m'mbuyo. Zimitsani magetsi pa isolator, swichi yaikulu ya makina, ikanipo loko, kiyi m'thumba mwanu. Kenako yezani ndi mita yoyezera volteji pa rectifier penipeni, chifukwa mabuleki ena amalandira magetsi pa waya wawokha ndipo amakhala amoyo mota itazimitsidwa.

Chotsani chivundikiro, ndipo pa mota zambiri fani nayonso. Ngati pali lamba wa labala wozungulira buleki, mukankhireni pambali. Mupeza fumbi lakuda. Musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa, chifukwa malayining'i akale ena ali ndi asibesitosi, ndipo ngakhale atsopano fumbi lake si la m'mapapo. Pukutani ndi burashi ndi kansanza konyowa pang'ono. Chotsani fumbilo musanayeze, popeza timatsulo tating'ono timamatirira pa maginito n'kukunamizani kuti mpata ndi wochepa.

Chida chake ndi feeler gauge, chija cha masamba achitsulo opyapyala olembedwa makulidwe ake, chimene m'mashopu a zitsulo ku Tete mungachifunse kuti apalpa-folgas. Yezani buleki itagwira, magetsi atazima, pakati pa mbale ndi thupi la koilo, malo atatu otalikirana mofanana kuzungulira buleki, pafupi ndi mabawuti. Tsamba loyenera limalowa likukhuza pang'ono mbali zonse, ngati mpeni ukulowa m'chimake. Lolowa mwa phwee ndi laling'ono, lofuna kukankha mpaka kupindika ndi lalikulu. Lowetsani tsambalo pang'ono chabe, musakakumane ndi sipuling'i.

Lembani manambala atatuwo musanakhudze nati iliyonse. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa dzanja limathamangira sipanala. Manambalawo ndiwo umboni wa mlandu. Akafanana onse, layining'i ikudyeka mofanana. Mbali imodzi ikakhala 0.4 ina 0.7, mbale yapendekeka, ndipo mudzafunika kudziwa ngati ndi amene anatchuna komaliza, nati yomasuka, kapena sipuling'i yothyoka.

Mukakhala kutali, monga ku Furancungo kapena ku Chifunde, feeler gauge mulibe, pali zinthu zokuthandizani kuganiza. Pepala la fotokope ndi pafupifupi 0.1 mm, ndiye atatu ophatikiza ali pafupi ndi 0.3. Msana wa hakiso, kumbali yopanda mano, ndi pafupifupi 0.65 mm, ndipo khadi la ku banki ndi 0.76 mm. Msana wa hakiso ukalowa pa buleki yaing'ono, mpata wapyola kale. Izi ndi zodziwira kuti vuto lilipo, kapena zoyendetsera makina mpaka mawa. Pa chinthu chonyamula katundu pamwamba pa anthu, ine sinditchuna ndi mapepala.

Nambala yoyenera ili pa kachitsulo ka buleki kapena m'buku lake, ndipo m'mabuku a Chipwitikizi 0.3 amailemba 0,3. Pamakhala manambala awiri, woyambira ndi wa malire. Mabuleki ang'onoang'ono a kampani ya SEW, monga BE05 mpaka BE2, amayambira pa 0.25 mm n'kulekeza pa 0.6 mm. Pa buleki ya Intorq BFK458 malire ndi kawiri ndi theka ka woyambira ngati buleki imaimitsa katundu akuyenda, koma kamodzi ndi theka kokha ngati ntchito yake ndi kugwira chinthu choima kale. Ndiye woyambira ukakhala 0.3, malire ndi 0.75 kapena 0.45, kutengera ntchito.

Kutchuna

Mitundu imene timakumana nayo kwambiri ndi iwiri. Woyamba uli ndi manati kunja kwa thupi la koilo, kawirikawiri atatu. Mukamanga nati, thupi limayandikira mbale, mpata n'kuchepa. Wachiwiri uli ndi mabawuti aatali odutsa m'kati mwa timapaipi ta mazinga tokhala ndi mutu wa sipanala, ndipo timapaipito ndito timaika mtunda. Pamenepo masulani mabawuti pang'ono, theka la kuzungulira likwana, kenako potozani timapaipito kulowetsa m'thupi la koilo kuti mpata uchepe, mangani mabawuti, ndiye muyeze. Kuyeza mabawuti ali omasuka n'kudzinamiza, chifukwa mukamanga nambala imasintha.

Dzanja likhale lopepuka. Mazinga wamba a M6 amayenda 1 mm mukazungulira kamodzi, a M8 amayenda 1.25 mm. Nati ili ndi mbali zisanu ndi imodzi, ndiye kuisuntha mbali imodzi yokha kwasintha mpata ndi pafupifupi 0.17 mm pa M6, ndi 0.2 mm pa M8. Kuchoka pa 0.6 kubwerera pa 0.3 ndi mbali ziwiri chabe, osati kuzungulira kuwiri. Ndinaonapo mnyamata akupotoza nati ngati akumanga tayala la njinga yamoto, ndipo mpata unatsekeka wonse.

Musamalize nati imodzi musanakhudze zinzake. Pang'ono apa, pang'ono apo, kuyeza, kubwereza, mpaka tsamba la 0.3 likulowa malo onse atatu ndipo la 0.35 likukana malo onse atatu. Kufanana kwa malo atatuwa n'kofunika kuposa kugunda nambala yeniyeni. Buleki ya 0.35 ponseponse imagwira bwino kuposa ya 0.25 uku 0.4 uko, chifukwa mbale yopendekeka imakokedwa mbali imodzi, mbali inayo n'kumakhuza.

Pali chiyeso chimene chimabwera foni ikalira kachitatu, chofuna kutchuna mpata wochepa kuposa wa m'buku kuti uchedwe kukula. Musatero. Zitsulo zikatentha zimafufuma, disiki simakhala yowongoka ndendende, ndipo mpata wa 0.1 umene ukumasuka m'mawa udzakhuza masana. Ikakhuza imatentha, ikatentha imadyeka, ndipo mwabwerera pomwe munachoka ndi disiki yopsa.

Zinthu ziwiri musazikhudze poganiza kuti ndi za mpata. China ndi ring'i yaikulu ya mazinga imene mabuleki ena ali nayo kumbuyo kwa thupi. Imeneyo imapanikiza masipuling'i. Mukaimasula, buleki imamasukadi mosavuta, koma mwaichotsera mphamvu yogwira, ndipo mudzazindikira tsiku limene hoisti idzanyamule katundu wolemera. Kuchotsa sipuling'i imodzi kapena ziwiri n'chimodzimodzi. China ndi manati a chogwirira chomasulira buleki pamanja. Manati amenewo amaoneka omasuka, ndipo munthu wokonda zolimba amawamanga. Kampata kawo kanasiyidwa dala, kuti mbale izitha kutsatira disiki ikamadyeka. Mukawamanga, tsiku lina mbale idzatsamira pa manatiwo m'malo mwa disiki, ndipo buleki idzasiya kugwira ikuoneka yabwinobwino.

Mabuleki ena alibe potchunira konse, mpata ukafika pa malire mumangosintha disiki. Ndipo mahoisti ena akale a Demag ali ndi mota ya rota yosongoka imene ilibe koilo ya buleki, rotayo imasuntha yokha n'kumasula buleki. Zimene ndalemba panozi si za mtundu umenewo.

Chimene chikudya layining'i

Tsopano tafika pa chifukwa chimene foni imaliranso. Ine ndimayamba ndi magetsi, chifukwa ndiko ndapeza mayankho ambiri.

Makoilo ambiri ndi a DC, ndipo amadyetsedwa ndi rectifier, kabokosi kakang'ono kosandutsa magetsi a AC kukhala a DC, kali m'bokosi la mawaya a mota kapena m'panelo. Ma rectifier wamba ndi a mitundu iwiri. Wa half-wave umatulutsa pafupifupi 0.45 ya magetsi olowa, wa bridge 0.9. Ndiye half-wave pa 400 V imapereka 180 V, pa 230 V imapereka 103 V, ndipo bridge pa 230 V imapereka cha m'ma 205 V. N'chifukwa chake makoilo mumawaona olembedwa 103, 180 kapena 205. Kunja tima rectifier timeneti timafanana, ndipo apa ndi pamene pamalowa mavuto.

Ndinaitanidwa kanayi pa hoisti ina yokwezera simenti ndi mchenga pamalo oumbira mabuloko, pakati pa Moatize ndi Tete. Ulendo wachinayi ndinali ndi mnyamata amene ndimamuphunzitsa, ndipo ndikutenga sipanala anandifunsa kuti, "Madala, kodi pa koilopa pakufika zingati?" Ndinachita manyazi, chifukwa maulendo atatu onse mita ndinkaisiya m'chikwama. Tinayeza, 171 V. Pa koilo panalembedwa 205. Kufunsa, anatiuza kuti rectifier inapsa miyezi ingapo m'mbuyomo, wina anabweretsa ya pa mota ina n'kuilumikiza pa mafezi awiri. Inali half-wave, ndipo 0.45 ya 380 ndi 171. Buleki inkamasuka ndithu, koma mochedwa, ndiye nthawi iliyonse mota inkayamba kuzungulira disiki ikadali yopanikizidwa. Kukhuza kwa kamphindi kameneko, maulendo mazana pa tsiku, ndiko kunkadya layining'i. Mpata ukakula pang'ono kuchedwa kunkawonjezeka, kuchedwa kukawonjezeka kudyeka kunkafulumira. Ine ndinkangobwera kudzabwezera zinthu poyambira.

Ndiye yezani DC pa mawaya a koilo, ndipo muyeze mota ikuyamba, itasenza katundu, masana. Damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino, koma zimenezo sizithandiza ngati mwakoka nokha waya wopyapyala mamita 150 kuchokera pa mita kupita ku shedi, kapena mukuyendetsa makina pa jenereta yaing'ono. Mota ikamayamba imakoka ma amp ochuluka kangapo kuposa ikamayenda, volteji imagwa, ndipo imagwa pa nthawi yeniyeni imene buleki ikuifuna kuti ikoke mbale. Zikatero mankhwala ndi waya wokulirapo, kapena kuipatsa buleki waya wakewake. Palinso ma rectifier amene amapereka volteji yaikulu kwa kamphindi poyamba kenako n'kutsitsa. Buleki imene inabwera ndi wotere musaiikire wamba.

Koilo muiyeze ma ohm itachotsedwa pa rectifier. Ngati buku mulibe, werengani nokha: volteji kuchulukitsa ndi volteji, kugawa ndi ma watt olembedwa pa buleki. Koilo ya 205 V ndi 40 W iyenera kukhala pafupi ndi ma ohm 1050 ikakhala yozizira, ya 180 V ndi 40 W pafupi ndi 810, ya 103 V pafupi ndi 265. Mukapeza ochepa kwambiri, mawaya ena agundana m'kati, ndipo koilo yotero imatentha, imakoka mofooka, n'kumawotcha ma rectifier motsatizana. Rectifier ikapsa kawiri, musagule yachitatu musanayeze koilo. Ma SEW ambiri ali ndi koilo ya mawaya atatu, ya magawo awiri, ndiye muyeze gawo lililonse palokha.

Makina amene aikidwa inveta, chipangizo chosinthira liwiro la mota, posachedwa ayang'aneni bwino. Poyamba buleki inkatenga magetsi pa materminali a mota, ndipo zinali bwino. Inveta imayamba ndi volteji yochepa n'kumakweza, ndiye buleki ikasiyidwa pa materminali omwewo imamasuka mochedwa, ndipo pa liwiro lotsika imakhuza kapena kugwiriratu. Iyenera kulandira magetsi akeake kudzera pa kontakita yolamulidwa ndi invetayo.

Kalumikizidwe ka rectifier kamakhudzanso kugwira. Mukadula magetsi mbali ya AC yokha, maginito amachedwa kutha, buleki imachedwa kugwira, katundu amayamba watsika kaye n'kutenga liwiro, kenako buleki iyenera kuimitsa chinthu chothamanga. Ma rectifier ambiri ali ndi materminali awiri odulira mbali ya DC, ndipo amabwera atalumikizidwa ndi kawaya. Pa makina onyamula katundu m'mwamba, materminaliwo amayenera kudutsa pa kontakita. Hoisti ikamatsetsereka pang'ono nthawi zonse pomwe layining'i ili youma, yang'anani kawaya kameneko.

Mabuleki a koilo ya AC ali ndi khalidwe lawo. Pa DC, ma amp sasintha ndi mpata. Pa AC, mpata ukakhala wotseguka koilo imakoka ma amp ambiri, ndiye mbale ikalephera kufika, koilo imapsa posachedwa. Buleki ya AC ikayamba kulira ngati njuchi, imitsani makina tsiku lomwelo.

Zamagetsi zikakhala bwino, pitani ku habu. Disiki iyenera kutsetsereka pa mano ake ndi zala zokha. Fumbi la malasha kapena la simenti likasakanikirana ndi chinyezi limauma m'manomo, disiki n'kukakamira mbali imodzi, ndipo ngakhale mbale itakokedwa bwino, disiki imapitiriza kukhuza. Mano akadyeka n'kupanga masitepe zimachitanso chimodzimodzi, ndipo mudzamva kugogoda mota ikamayamba. Tsukani mouma. Girizi m'buleki ndi mdani, chifukwa akatentha amayenderera kupita pa layining'i. Lamba wa labala uja ngati anang'ambika, gulani wina. Ambiri timamutaya poti amavuta kubwezera, koma kuno kwathu ndiye amene amatchinga fumbi. Kankhaninso shafiti kutsogolo ndi kumbuyo. Ikamasewera, mabering'i atha, ndipo palibe mpata umene ungakhazikike.

Layining'i yonyowa ndi oyilo kapena girizi siitsukika. Kuiviika m'petulo kapena kuiwamba pamoto kumaumitsa pamwamba pokha, ikatentha mafuta amatulukanso. Sinthani disiki, ndipo musinthe silo yotchinga oyilo kapena bering'i imene ikudontha, apo ayi yatsopanoyo inyowanso.

Kenako khalani pansi theka la ola muonerere woyendetsa makina. Alipo amene amatsitsa katundu pogwedeza batani kakhumi m'malo mwa kamodzi, ndipo kugwedeza kulikonse ndi kugwira kwa buleki. Alipo amene amakweza matumba owirikiza kuti aweruke msanga. Musawakalipire pamaso pa abwana awo, sadzakuuzaninso zoona. Ine ndimawaitana pambali n'kuwagwiritsa chivundikiro cha buleki kuti amve kutentha okha. Nthawi zina vuto silikhala lawo, buleki ndiyo yachepera ntchito, monga pamene mota ya lamba woyenda tsiku lonse yasamutsidwira pa makina oima ndi kuyamba mphindi iliyonse.

Polekezera kutchuna

Kutchuna kulikonse kumatsatira disiki imene ikupyapyala, ndiye kuli ndi mapeto. Buku limapereka makulidwe otsiriza a disiki, ndipo muyeze ndi vernier, chida choyezera makulidwe, nthawi iliyonse imene mwatsegula. Layining'i ikatsala pang'ono kufanana ndi chitsulo cha disiki, ikang'aluka, ikachita galasi chifukwa cha kupsa, kapena mbale ikasanduka yabuluu ndi mizere yakuya, nthawi ya sipanala yatha. Posintha disiki onaninso masipuling'i, muwaimike pa tebulo pamodzi. Ina ikafupika kapena kuthyoka, sinthani onse.

Disiki yoyenera siipezeka pa shelefu nthawi zonse. Mwina muyitanitsa ku Beira kapena ku Johannesburg, mwina wina akadutsa pa Zóbuè kukaifuna ku Blantyre, ndipo makina sangadikire milungu imeneyo ataima. Itanitsani mukatchuna kachiwiri, osati ikatha. Jambulani kachitsulo ka buleki, osati ka mota kokha, ndipo muwerenge mano a habu ndi kuyeza dayamita ya disiki, chifukwa mota imodzi imatha kubwera ndi mabuleki a misinkhu yosiyana.

Mukamaliza kutchuna, patsani buleki yokha magetsi ngati n'kotheka, mota isanayambe, muzunguze shafiti ndi dzanja. Izizungulira popanda kukhuza paliponse. Bwezerani labala, fani ndi chivundikiro, yendetsani popanda katundu kangapo mukumvetsera kulira kuja. Kenako kwezani katundu wathunthu chikhatho chimodzi kuchokera pansi, siyani batani, muone ngati akutsika. Disiki yatsopano siigwira ndi mphamvu yonse mpaka itakhazikika, ndiye muiyese mosamala ndipo muyezenso mpata itagwira ntchito tsiku limodzi kapena awiri.

M'kati mwa chitseko cha panelo lembani ndi maka tsiku, mpata umene munaupeza malo atatu aja, umene mwasiya, makulidwe a disiki ndi volteji ya pa koilo. Pa hoisti ya mabuloko ija tinaika bridge pa fezi ndi nyutulo, koilo inayamba kulandira 198 V, tinasintha disiki imene inali itapsa kale, ndipo mnyamata uja ndiye analemba mzere woyamba. Tinabwererako patatha miyezi inayi kukakonza kontakita ya makina ena, iye anatsegula chivundikiro cha buleki osauzidwa. Tsamba la 0.35 linalowa, la 0.4 linakana.